Aphunzitsi athu a Social ndi nkhani ya Dzaleka

Aphunzitsi athu a Social pa CDSS ina ku Ntchisi analibe digiri. Anachokera ku pulayimale. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, ana anasefukira m'makalasi, ndipo posakhalitsa unyinji womwewo unkafuna malo ku sekondale. Ma DEC, kumene anthu ankaphunzira ndi mabuku a MCDE, anasandutsidwa ma CDSS, koma a dipuloma ya ku Domasi kapena digiri ya ku Chanco anali ochepa. Choko anagwira ndi omwe analipo.

Papepala, mphunzitsi wa sekondale amafunika dipuloma kapena digiri ya uphunzitsi. Ntchito yake ndi kukonzekera phunziro, kuchonga ndi kumaliza silabasi mayeso a MANEB asanafike. Koma Social ili ndi vuto lakelake: imakhudza zinthu zomwe akunyumba sakonda kuzikamba.

Tili Fomu 3, pa mutu wa ufulu wachibadwidwe, anatifunsa kuti, "Ndani anadutsapo pa Dzaleka?" Manja anali m'mwamba. Tonse tinkapadziwa ngati kampu ya ku Dowa ya othawa kwawo ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Ndiye anatiuza kuti kampuyo inatsegulidwa mu 1994, koma kale malowo anali ndende ya andale. A Mboni za Yehova, amene chipembedzo chawo chinaletsedwa mu 1967 ndipo ankakana kugula khadi la chipani, anatsekeredwa kumeneko. M'kalasi munangoti zii.

Musaiwale kumene ankayankhulira. Pa riferendamu ya pa 14 June 1993 dziko linasankha zipani zambiri, koma ku Dowa ndi ku Ntchisi ambiri anavotera chipani chimodzi. Agogo anga mpaka lero samatchula Kamuzu popanda kunena kuti Ngwazi. Sabata yomweyo kholo lina linabwera kudzadandaula kuti ana akuphunzitsidwa ndale.

Aphunzitsi sanabweze mawu, komanso sanatukwane aliyense. Phunziro lotsatira anagawa bolodi pakati. Mbali ina tinalemba misewu, Yunivesite ya Malawi ndi likulu la ku Lilongwe. Mbali inayo tinalemba kumangidwa popanda kuzengedwa mlandu. Kenako anati, "Pitani mukafunse agogo anu, mudzandiuze zomwe anaona ndi maso awo." Agogo anga anayamba ndi kundikalipira, koma usiku womwewo anandiuza za mnansi wawo amene anatengedwa chifukwa chosowa khadi. Anali asanauzepo ngakhale amayi anga.

Panopa ndili ndi digiri, ndipo sindinganame, mapepala ndi ofunika. Aphunzitsi aja nthawi zina ankasokoneza zaka, ndipo buku linali limodzi kalasi yonse. Mwana wa ku CDSS ayeneranso kukhala ndi mphunzitsi wophunzira bwino ngati wa ku Robert Blake ku Kongwe. Koma kulimba mtima konena zoona pakati pa anthu akwanu, kenako n'kukakhala nawo limodzi pa maliro mawa lake, sindinakupeze mu kosi iliyonse ku koleji.