Mchere wa M'nyanja M'Chingerezi Chathu

Ndili Folomu 2, aphunzitsi athu a Chingerezi anali ndi chizolowezi chimodzi chimene tonse tinkachiopa. Lachisanu lililonse ankalemba pabolodi zining'a za Chingerezi zokwana 20, ndipo Lolemba m'mawa aliyense ankaimirira kunena matanthauzo ake pamtima. Wolephera ankapatsidwa chikwakwa. Ine ndinatchetcha udzu kawiri konse chifukwa cha mawu akuti "taken aback", pakuti ndinaumirira kuti akutanthauza kubwezedwa kumene wachokera, pomwe aphunzitsi ankafuna ndinene kuti ndi kudzidzimuka. Nditafunsa kuti nanga kudzidzimuka kukugwirizana bwanji ndi kumbuyo, anandiyankha kuti Chizungu sachifunsa, amangochimeza.

Mwa zining'a zonse zimene tinameza, chimodzi chokha ndicho anatiuza gwero lake. Chimenechi ndi "turn a blind eye", kutanthauza kuona choipa n'kuchita ngati sunachione. Anati pa 2 Epulo 1801 zombo zankhondo za Angerezi zinkamenyana ndi za ku Denmark padoko la Copenhagen. Mkulu wa gululo, Hyde Parker, ataona kuti zinthu zathina, anakweza mbendera yolamula kuti nkhondo ilekeke. Koma womutsatira wake, Horatio Nelson, amene diso lake lamanja linafa mu 1794 ku Corsica, anaika chounikira kutali padiso lakufalo nanena kuti sakuona mbendera iliyonse. Anapitiriza kumenya mpaka anapambana. Tonse tinaikonda nkhaniyi.

Patapita zaka, ndikufufuza zina m'laibulale, ndinatsegula dikishonale yaikulu ya Oxford, imene imasonyeza chaka chimene mawu anayamba kuoneka m'zolembedwa. Ndinapeza kuti mawu a diso lakufawa analembedwa kale pafupifupi zaka 100 nkhondo ya ku Copenhagen isanamenyedwe, Nelson yemweyo asanabadwe. Nkhani yake inangowatchukitsa. Koma ndinapezanso kuti zining'a zina zambiri zimene tinkaloweza zinabadwiradi panyanja yamchere, ndipo eni ake sanali akuluakulu ovala mendulo ayi. Anali amalinyero wamba, anthu a manja a zikang'a, amene mayina awo aphunzitsi athu sakanatha kutchula ndi limodzi lomwe. Nkhani yanga ili pamenepa: Chingerezi chimene timachiyesa cha mabwana chasunga thukuta, njala ndi mkwiyo wa anthu otumidwa.

Tiyambe taona malo amene ankagwirako ntchito. Chombo cha Nelson chotchedwa Victory, chimene chinalowa m'madzi mu 1765 ndipo mpaka lero chikusungidwa ku Portsmouth, chinali ndi mizinga 104 ndi amuna oposa 800 pankhondo ya Trafalgar mu 1805. Injini chinalibe. Chinkayenda ndi mphepo yokha, pa milongoti itatu yonyamula matanga ofika 37, ndipo zingwe zake zonse mutazilumikiza zikanatalika mamailosi 26. Chingwe chilichonse chinali ndi dzina lake ndi ntchito yake. Namondwe akabuka pakati pa usiku, mmalinyero ankayenera kugwira chingwe choyenera mumdima, pakuti kukoka cholakwika kukanatha kung'amba thanga kapena kugwetsa mnzake amene ali pamwamba. Mlendo pantchitoyo ankatha miyezi akuphunzira zingwezo. Kotero Mngerezi akamati wogwira ntchito watsopano ayambe "learn the ropes", akukumbukira mnyamata wamantha amene akupapasa zingwe mvula ili m'maso.

Nanga mawu aja anandipatsa chikwakwa? Matanga amakoka chombo pamene mphepo ikuwakankha kuchokera kumbuyo kapena cham'mbali. Mphepo ikatembenuka mwadzidzidzi n'kuomba kuchokera kutsogolo, matangawo ankamatirira ku milongoti, chombo n'kuima chilili kapena kuyamba kubwerera chambuyo, ndipo mphepo ikakhala yamphamvu mlongoti unkatha kuthyoka. Chombo chotere ndicho ankati chili "taken aback". Ndiye kuti aphunzitsi ananena zoona, koma inenso sindinaname kwenikweni. Udzu uja ndinatchetcha ulere.

Chimodzimodzinso "by and large", mawu amene ife a pakoleji timakonda kuyambira nawo ndime yotsiriza ya mayeso pamene mfundo zatithera. "By" kunali kuyendetsa chombo molunjika kufupi ndi kumene mphepo ikuchokera, pamene "large" kunali kuyenda mphepo ili kumbuyo. Chombo chabwino ndi chimene chinkayenda bwino m'njira zonse ziwiri, ndipo pang'onopang'ono mawuwo anayamba kutanthauza kuona nkhani mbali zake zonse.

Tsono tilowe kukhitchini. Paulendo wa miyezi yambiri ndiwo inali nyama ya ng'ombe kapena ya nkhumba yosungidwa mumchere m'migolo. Wophika akamaiwiritsa, mafuta ankayandama pamwamba, ndipo mafutawo ankawatcha "slush". Ena ankapakira milongoti ndi zingwe, koma otsala ankasungidwa n'kukagulitsidwa kudoko kwa opanga makandulo. Ndalama zake sizinkalowa m'buku lalikulu la chombo. Kathumba kameneka ndiko kanali "slush fund", ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 anthu a ku America anali atayamba kutchula choncho ndalama zobisika zimene andale amagulira anthu. Mukadzawerenga mawuwa m'nyuzipepala, dziwani kuti ananunkha kale mafuta a mumphika asanayambe kununkha ziphuphu.

Zakumwa nazo zinasiya chizindikiro. Amalinyero a zombo zankhondo zokhala ku West Indies ankalandira tsiku lililonse theka la painti ya rum, kachasu wa nzimbe, osasungunula. Ataona kuledzera kumene kunalipo, mkulu wina dzina lake Edward Vernon analamula pa 21 Ogasiti 1740 kuti gawo limodzi la mowa lizisakanizidwa ndi magawo 4 a madzi, ndi kuti uziperekedwa kawiri patsiku. Vernon ankakonda kuvala chijasi cha nsalu yokhakhala yotchedwa grogram, motero anyamata ake ankamunena mseri kuti Old Grog. Mowa wothira madziwo anaupatsanso dzina lomwelo, grog, ndipo munthu wodzandira nawo anakhala "groggy". Onani kuti pano dzina la bwana linalowadi m'chinenero, koma linalowa ngati chitonzo cha antchito ake. Mwambo wogawa mowawu unatha pa 31 Julayi 1970, koma mawuwo akadali m'kamwa mwa aliyense wodzuka mutu uli zii.

Moyo umenewu sunali wokoma, ndipo si onse anaulowa mofuna. Nthawi ya nkhondo boma la Britain linkatuma magulu a anthu kukagwira amuna odziwa za panyanja m'madoko ndi m'zombo zamalonda, n'kuwakweza m'zombo zankhondo mokakamiza. Mchitidwewu unaleka nkhondo za Napoleon zitatha mu 1815. Wolakwa ankamangidwa n'kukwapulidwa anzake onse akuonerera, ndi chikoti cha michira 9 chimene ankachitcha mphaka, ndipo kukwapulaku kunapitirira mpaka zaka za m'ma 1870.

Apa ndichenjeze anzanga okonda mbiri yakale, chifukwa wokaona nyanja anakaona ndi mvuu zomwe. Nkhani za panyanja zimakoma, kotero anthu amakankhira kumeneko chining'a chilichonse chosowa mwini. Mudzamva kuti "let the cat out of the bag", kuulula chinsinsi, kunachokera ku chikoti chija pochitulutsa m'thumba, koma umboni wolembedwa wa zimenezo palibe. Mudzamvanso kuti "posh" ndi zilembo zoyamba za mawu amene ankadindidwa pa matikiti a anthu olemera opita ku India, osonyeza mbali yamthunzi ya chombo. Akatswiri a mawu anafunafuna, ndipo tikiti yotero sinapezeke ndi imodzi yomwe. Nkhani ikakoma kwambiri, wolemba mbiri ayenera kufunsa chaka ndi pepala.

Mawu amene ali ndi chaka ndi pepala, amenenso anandikhudza koposa onse, ndi "strike". Kwa amalinyero liwuli linkatanthauza kutsitsa, monga kutsitsa thanga kapena mbendera. M'mwezi wa Meyi 1768 mitengo ya zakudya itakwera, amalinyero a zombo zamalonda pa mtsinje wa Thames ku London anapempha kuti malipiro awo akwere. Eni zombo atazengereza, iwo anayenda chombo ndi chombo kutsitsa matanga, kuti pasapezeke chotuluka padoko. Malonda a mzinda waukuluwo anaima. Kuyambira nthawi imeneyo liwu lotsitsa matanga linayamba kutanthauza kunyanyala ntchito. Mu 1797 anzawo a zombo zankhondo ku Spithead nawonso anakana kukweza anangula, pakuti malipiro awo anali asanasinthe kwa zaka pafupifupi 140, ndipo boma linagonja n'kuwawonjezera. A ku Nore atachita zomwezo chaka chomwecho sizinawayendere, mtsogoleri wawo Richard Parker ananyongedwa.

Liwu limeneli ndi lomwe ife timati sitiraka. Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere, koma ophunzira akakana kulowa m'kalasi, kapena aphunzitsi akaika choko pansi, timatchula zimene amalinyero a ku London anachita mu 1768, ngakhale ambiri a ife thanga la chombo sitinalionepo.

Ndipo si lokhali. Liwu loti sitima linachokera ku "steamer", chombo choyendera nthunzi. Sitima yoyamba kuyandama pa Nyanja ya Malawi inali Ilala ya amishoni a Livingstonia, imene inalowa m'nyanjayi pa 12 Okutobala 1875 motsogozedwa ndi E. D. Young, amene anali msilikali wa zombo zankhondo za Britain. Kuti ifike kumeneko anaimasula zidutswazidutswa, ndipo anthu athu mazanamazana anazisenza pamutu mamailosi oposa 50 kulambalala mathithi a Shire. Dzina la Young lili m'mabuku, a osenzawo mulibe. Njanji itafika ku Blantyre kuchokera ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje, mu 1908, makolo athu anaona chinthu chofuka utsi ndi kulira ngati chija cha pamadzi, nachitchanso sitima. N'chifukwa chake mpaka lero timachita kuwonjezera kuti yapamtunda kapena yapamadzi. Ilala ya masiku ano, imene inayamba kuyenda mu 1951, imayendera dizilo, koma ikadali sitima.

Ena anabwera kale Angerezi asanafike. Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete pa Zambezi m'zaka za m'ma 1530, ndipo liwu lomwe ndakhala ndikugwiritsa ntchito m'nkhani yonseyi, amalinyero, ndi lawo, "marinheiro". Lawonso ndi "capitão", mkulu wa chombo kapena wa asilikali, amene atakwera mtunda kwathu kuno anasanduka kapitawo, woyang'anira anzake m'minda ya tiyi ndi ya fodya. Agogo anga aamuna, amene analimapo pa esiteti ina, ankalitchula liwuli motsitsa mawu ngakhale atakalamba.

Sindikunena kuti tileke kuphunzira zining'a za Chingerezi, kapena kuti tizichotsa mawu obwereka m'Chichewa. Pempho langa kwa anzanga a m'bwalo lino la alembi, makamaka amene mawa mudzaima kutsogolo kwa kalasi, ndi lakuti mwana akafunsa kumene mawu anachokera musamupatse chikwakwa. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Mawu nawo saiwala, ndipo mukawatsata bwino kawirikawiri sakufikitsani kwa Nelson. Amakufikitsani kwa wophika wowengula mafuta, kwa mnyamata wopapasa zingwe usiku, ndi kwa munthu wosenza chitsulo cha Ilala m'mphepete mwa Shire.