Mafunso ndi Mayankho: Madzi Oundana, Namgumi ndi Mvuu ya m'Shire

FUNSO: Wowerenga wa ku Bangula anaona pa TV chiphiri choyera chikugumukira m'nyanja. Akufunsa: chimenechi n'chiyani, nanga chimachokera kuti?

YANKHO: Ndi madzi oundana. Ku Antarctica ndi ku Greenland chipale chofewa chimagwa chaka ndi chaka osasungunuka. Chapamwamba chimapsinja chapansi mpaka kulimba gwa, ndipo kulemera kwake kumachititsa kuti chiyambe kutsetsereka pang'onopang'ono kulowera kunyanja. Chikafika kumeneko chimang'aluka n'kugwera m'madzi, monga gombe la Shire limagumukira m'dzinja madzi akalidya kunsi.

Kukula kwake n'koopsa. Chigamphu chotchedwa A-68, chomwe chinaduka ku Larsen C, ku Antarctica, mu Julaye 2017, chinali chachikulu kuposa boma lonse la Chikwawa. Ndipo chomwe maso amaona pamwamba pa madzi n'kagawo kamodzi chabe mwa magawo pafupifupi khumi.

FUNSO: Msodzi wa ku Elephant Marsh anamva kuti namgumi si nsomba. N'zoona?

YANKHO: N'zoona, ndipo msodziyu m'bale wa namgumi amamudziwa bwino, poti amamulambalala ndi bwato m'mawa uliwonse. Mwa nyama zonse zamoyo lero, yomwe ili pachibale kwambiri ndi namgumi ndi mvuu. Asayansi anatsimikiza izi poyeza DNA. Ziwirizi zinachokera kwa kholo limodzi la miyendo inayi zaka pafupifupi 55 miliyoni zapitazo, ndipo ku Pakistan anafukula mafupa a Pakicetus, namgumi wakalekale yemwe ankayenda pamtunda.

Yemwe anakhalapo pagombe n'kupenyetsetsa mvuu aona kufananako. Imamira mphuno itatseka, kenako imavuuka n'kupemerera mpweya kuti fuu! Mwana wake amayamwa ali pansi pa madzi. Namgumi naye amapuma ndi mapapo, amabereka mwana wamoyo n'kumuyamwitsa m'madzi momwemo. Posambira amakupiza mchira m'mwamba ndi pansi, pomwe mlamba ndi mphende zimaugwedezera uku ndi uku.

FUNSO: Nanga anamgumiwo amafika kufupi ndi kuno?

YANKHO: Amafika pafupi kuposa mmene ambiri amaganizira. Madzi odutsa pa Chiromo ndi pa Nsanje amakathira mu Zambezi, naye Zambezi amakathira m'nyanja ya India cha ku Chinde. M'gombe la Mozambique limenelo, kuyambira mu Juni mpaka cha mu Okutobala, mumadutsa anamgumi a mtundu wa humpback, olemera matani ngati 30. Ku Inhambane ndi ku Bazaruto anthu amawaona akudumpha m'madzi. Amabwera kudzaberekera m'madzi ofunda, ndipo miyezi imeneyi sadya kwenikweni. Nkhokwe yawo ili ku Antarctica, komwe amadya tizilombo ta m'madzi totchedwa krill, tomwe timadalira ndere zomera kunsi kwa madzi oundana.

Kale ankasakidwa mopanda chifundo. Ku Durban fakitale yowadulira inatsekedwa mu 1975, ndipo ndi chinthu chosangalatsa kuti chiwerengero chawo chakweranso.

FUNSO: Kodi kusungunuka kwa madzi oundanawa ndiko kumamiza Nsanje?

YANKHO: Ayi, osati mwachindunji. Madzi omwe anasesa Makhanga mu 2015, ndi omwe anabwera ndi namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, anali a mvula yogwa kumtunda n'kutsika ndi Ruo, Mwanza ndi Shire. Koma gwero limakumana. Kutentha kwa dziko komwe kukusungunula Greenland ndiko kukutenthetsanso nyanja ya India, ndipo nyanja yofunda imapatsa namondwe chinyezi chambiri. Madzi osungunukawo akweza nyanja ndi masentimita pafupifupi 20 chiyambire 1900, pothandizana ndi kufufuma kwa madzi ofunda. Oyamba kulawa ululu wake ndi mizinda ya m'gombe monga Beira, doko lomwe mafuta ndi feteleza wambiri wobwera m'Malawi amatsikira.