N'chifukwa chiyani Nasolo ndi Mudi akumasefukira mwadzidzidzi chonchi?

Ndinakulira ku Ndirande, pafupi ndi Nasolo. Mu Okutobala mwana amangodumpha kamtsinjeka. Koma igwe mvula ya ola limodzi kuphiri, mungomva kulindima, madzi ofiira akutsika ndi mapulasitiki, mitengo, mwina mpaka bafa la munthu. Kodi kutentha kwa dziko kukukhudzana nazo? Eya, ndipo zimayenda motere.

Choopsa ndi pachimake

Chogwetsa mlatho si mvula ya chaka chonse ayi, koma madzi odutsa nthawi imodzi mtsinje ukafika pachimake. Mvula ikamagwa pang'onopang'ono sabata yonse imalowa pansi. Yomweyo ikakhuthuka usiku umodzi, yonse imathamangira mu Mudi, Naperi, Likhubula kapena Lunzu.

Kutentha kukubwerapo bwanji?

Mpweya wotentha umasunga chinyontho chambiri. Kutentha kukakwera ndi digiri imodzi, umatha kusunga chinyontho chowonjezera pafupifupi 7 peresenti, ndipo dziko latentha kale kuposa digiri imodzi kuyerekeza ndi zaka za m'ma 1800. Anamondwe athu amachokera ku nyanja ya Indian, ndipo madzi ake akafunda amanyamula mvula yochuluka. Asayansi a World Weather Attribution anapeza kuti kusintha kwa nyengo kunawonjezera mvula ya namondwe Ana, yemwe anaononga damu la Kapichira mu Januwale 2022. Mu Malichi 2023 Freddy anatsitsa matope ndi miyala ya phiri la Soche pa Chilobwe, ndipo m'dziko muno anthu oposa 600 anafa, ena mazanamazana osapezeka.

Nafenso tikuwonjezera

Mitengo ya m'mapiri a Ndirande, Soche ndi Bangwe tinaimaliza. Malata ndi simenti sizimwa madzi, ngalande zadzaza zinyalala. Ndiye madzi amafika kumtsinje msanga, onse pamodzi.

Tichite chiyani?

Mawu aja akuti "madzi sanafikepo apa chibadwire" musawadalirenso, amangwetu. Ofuna nyumba ya lendi ku Chilomoni, Zingwangwa kapena Machinjiri, funsani anthu apafupi pomwe madzi anafika nthawi ya Freddy. Uthenga wa nthambi ya zanyengo ukabwera pa WhatsApp, musangoika kankhope koseka; auzeni makolo, musamuke kusanade. Ndipo mtsinje wodzaza osawoloka, olo mvula itakata. Kumtunda imakhala ikugwabe.