Sewero

Mawu akuti sewero amachokera ku mneni wakuti kusewera, n'chifukwa chake ambiri akawamva amaganiza za ana kapena za msangalatso chabe, chonsecho ali ndi tanthauzo lina lolemera, lomwe ndi kuyerekeza zochitika za moyo pamaso pa anthu kuti zimveke bwino. Tanthauzo lachiwirili ndi lomwe lidalowa m'maphunziro a udokotala mu 1963, pamene Howard Barrows wa ku University of Southern California adaphunzitsa munthu wabwinobwino kuchita ngati wodwala, kuti ophunzira azimufunsa ndi kumupima popanda kuika moyo wa wina pachiswe.

Ku Kanyama mumzinda wa Lusaka, komwe kolera idavuta kwambiri mu 2017 ndi 2018, kufunika kwa njirayi n'koonekeratu, pakuti wophunzira wa pa sukulu ya udokotala ya ku Ridgeway amawerenga za matenda m'Chingerezi, pomwe mayi wobwera ndi mwana wotsegula m'mimba amalongosola m'Chinyanja, nthawi zina mozungulira chifukwa cha manyazi kapena mantha. Kukambirana kotere wophunzira ayenera kukuyeserera m'sewero asanaimirire pambali pa bedi la wodwala weniweni.