South Luangwa, Malo Osungirako Nyama Zakutchire

Nkhalango yotetezedwa ya ku Zambia, m'chigwa cha Luangwa, yaikulu masikweya kilomita 9,050. Alendo ambiri amalowera pa mlatho wa ku Mfuwe, m'boma la Mambwe, dera la Akunda. Kumadzulo kwake kuli mapiri a Muchinga. Malowa anayamba kutetezedwa mu 1938, ndipo anakhala paki ya dziko mu 1972.

Moyo wonse wa kuno wagona pa mtsinje wa Luangwa. Dzinja madzi amasefukira, mtsinje n'kusintha njira, n'kusiya mathawale okhota m'mbali mwake. Chilimwe chikafika pachimake mu Okutobala, mvuu zimathithikana m'maiwe otsala, ng'ona zili pamchenga, pomwe mbalame zofiira zodya njuchi zimakumba zisa m'magombe. Muli njovu, njati, mikango ndi anyalugwe ambiri, komanso mitundu ya mbalame yoposa 400. Nyamalikiti wa mtundu wa Thornicroft sapezeka kwina kulikonse kuthengo koma m'chigwa chino.

Norman Carr, yemwe mu 1950 anagwirizana ndi Mfumu Nsefu kutsegula msasa wa alendo, ndiye anatchukitsa maulendo oona nyama wapansi.

Chomvetsa chisoni n'chakuti zipembere zinatheratu m'zaka za m'ma 1980 chifukwa cha opha nyama mozembera. Nawo alimi oyandikana ndi pakiyi, ku Lupande, amagona m'minda kupirikitsa njovu, ena n'kumatchinga chimanga chawo ndi mipanda yopaka tsabola.