ULENDO WA PANSI KUCOKERA KU NANGONGWE

Anthu ambiri a ku migodi amadziwa Kafue ngati malo pamene basi kapena sitima imaima pang'ono, ndipo amayi amathamangira ku mazenera ndi nsomba zogulitsa. Koma munthu wotsika pamenepo, nanyamuka pa Nangongwe m'mamawa dzuwa lisanatenthe, adzapeza kuti mbiri yonse ya mudzi uwu ikhoza kuwerengedwa ndi mapazi tsiku limodzi.

Njira yoyamba ndiyo yotsata njanje kufikira ku mtsinje. Kale njanje isanafike, eni madzi awa anali asodzi, makamaka Abatwa okhala m'madambo akuru a kumtunda kwa mtsinje, amene cuma cao cinali bwato, mono ndi mkondo. Zinthu zinasinthika m'caka ca 1906, pamene kampani ya George Pauling, imene inali kuyala njanje kucokera ku Livingstone kunka ku Broken Hill, ndiyo Kabwe wa lero, inafika pa gombe la Kafue. Mtsinje unali waukuru ndipo pa dzinja unali kusefukira kutali, cotero anamanga ulalo wa citsulo wa zigawo 13, wotalika mamita 427, ndipo pa masiku amenewo panalibe ulalo wina woposa uwu pa njanje yonseyo. Maina a Azungu oyang'anira nchito analembedwa m'mabuku, koma a anthu akuda amene anasenza zitsulo ndi kukumba maziko m'matope sakumbukika. Pa ulalo umenewu mpamene panapita mtobvu wa ku Broken Hill, ndi mkuwa wa ku Nkana ndi Luanshya pambuyo pake, ulendo wa ku nyanja ya mcere. Siteshoni ndiyo inabala mudzi, pakuti pamene sitima imamwa madzi, pomwepo pamamera sitolo ndi nyumba.

Kunja kwa mudzi kuli sukulu ya Kafue Boys, imene inayamba ngati Kafue Training Institute ya Amishoni a Methodist, motsogozedwa ndi Mbusa John Fell. Mmodzi wa anyamata ophunzira kumeneko anali Harry Nkumbula, amene m'caka ca 1951 anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa African National Congress. Kumunsi kwa mtsinje nkumene mseu waukuru umaolokera. Ulalo woyamba wa magalimoto unamangidwa m'caka ca 1949 ndi ndalama za Beit Trust, ndipo zitsulo zake zinacokera ku London, kumene zinali ulalo wa kanthawi pa mtsinje wa Thames m'masiku a nkhondo ya Hitler.

Tsono woyenda abwerere ku mudzi, alunjike kumene kuli macumuni atali. Apa mpamene pali mtima wa nkhani. Pa 11 November 1965 Ian Smith analanda ufulu wa Rhodesia mosamvera Mangalande, ndipo Zambia, imene inali ndi caka cimodzi cokha, inaona kuti malasha, magetsi, nsaru ndi wonga wa m'migodi zonse zinali kucokera kum'mwera, ku dzanja la mdani. Boma la Dr Kaunda linatsimikiza kuti zinthu izi zipangidwe kwao komweko, ndipo linasankha Kafue cifukwa ca madzi, njanje ndi mseu. Fakitale ya Nitrogen Chemicals of Zambia, yomangidwa ndi kampani ya Kobe Steel ya ku Japan, inayamba nchito m'caka ca 1970. Inali kutenga malasha a ku Maamba, madzi ndi mpweya, nkupanga mcere wochedwa ammonium nitrate, umene uli feteleza kwa mlimi, ndiponso ndiwo mphamvu ya wonga wophulitsira miyala. Cotero munthu wa pansi pa mgodi ku Mufulira anali kudalira mnzake wa ku Kafue amene sanaonane naye konse. Pafupi pomwepo panaimirira Kafue Textiles, yoomba nsaru za thonje la alimi a m'dziko, ndi nyumba yofufutira zikopa ya Bata. Bungwe la INDECO linamanga nyumba za Kafue Estates, ndipo ku Kafue Gorge magetsi anayamba kutuluka m'caka ca 1971. Anthu anakhamukirako kucokera ku Cipata, ku Mongu, ku Kasama ndi kwina konse, ndipo makomboni monga Nangongwe ndi Zambia Compound anadzala.

Koma cakudza sicilephera kupita. Mtengo wa mkuwa unagwa m'caka ca 1975, ndalama zogulira zipangizo za makina zinasowa, ndipo citapita caka ca 1991 Boma latsopano linatsegula malire a malonda. Nsaru zakunja ndi salaula zinasefukira m'misika, makina oomba anayamba kucepa mau, ndipo m'zaka zoyamba za m'ma 2000 analekeratu. Anthu amene anazolowera kudzuka ndi kulira kwa fakitale anabwerera ku ukonde, ku dimba ndi ku msika, ena akudikira ndalama zao za penshoni zaka zambiri. Pambuyo pake kunamangidwa fakitale yosungunula zitsulo, yochedwa Kafue Steel, ndipo utsi unaonekanso.

Madzulo woyenda uja adzabwerera ku Nangongwe miyendo itatopa. Pa makhonde adzapeza madala amene akudziwa bwino m'mene ulusi unali kupotedwera ndi m'mene malasha anali kusandukira feteleza. Nzeru zimenezi sizinalembedwe, ndipo caka ndi caka eni ake alinkutha. Wacinyamata wofuna kudziwa kumene mudzi wake unacokera acite canga, akhale nao pansi, awafunse adakali moyo.