Wenela ndi Akazi Odikira

Kale anyamata a ku Neno, ngati anzawo a maboma ena, ankalembetsa ku Wenela kukakumba golide ku Joni. Kontrakiti inkafika zaka ziwiri, ndipo mkazi sankaloledwa kutsatira. Ankatsala akulima yekha, n'kumadikira kalata. Amuna ena anabwera ndi njinga kapena wailesi, ena anatchona basi.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kumudzi. Kamuzu analetsa ulendowu kwa zaka zingapo. Tangoganizani azimayi amene anali atazira kale m'nyumba, kudikira mwamuna.

Wenela inatha, koma mabasi a ku Joni amadutsabe pa Zalewa. Mabuku a mbiri anawerenga amene anapita. Nanga odikirawo anawawerenga ndani?